Seva Yadzaza, Koma Tilimo Anayi

Amene amati mizimu imadikira mdima, amenewo sanakhalepo ku Chirimba mwezi wa Okutobala. Uyu ndikufuna kukuuzaniyu ankabwera masana, dzuwa likuswa mtengo, malata akulira ndi kutentha, anthu ali pikitipikiti kugula tomato panja. Sendezani mipando kuno, nkhaniyi sifuna kukuwa.

Mwandida anali ndi kashopu kokonzera mafoni ndi makompyuta kuseri kwa msika. Kashopuko anatsegula ndi mwamuna wake, Fatsani Maseko, wa ku Ntcheu. Manja anali a Mwandida. Iye ndiye ankamasula zinthu, kuwotcherera timawaya, kubwezeretsa magalasi osweka. Fatsani anali wa zam'kati, zija zosaoneka ndi maso, komanso anali wa pakamwa. Kasitomala ankabwera atakwiya n'kubwerera akuseka, foni yake isanakonzedwe n'komwe. Poyenda ankakhwekhwereza phazi lamanzere, moti Mwandida ankadziwa kuti akubwera asanatulukire n'pakona.

Fatsaniyo anali ndi chibwana chimodzi chimene ukwati unalephera kuchichotsa: gemu. Inali gemu yomanga. Munthu umalowa m'dziko la tchire lokhalokha, kudula mitengo, kuswa miyala, kumanga nyumba, ndipo anzako, kaya ali ku Mzuzu kaya ku Joni, amalowa m'dziko lomwelo n'kumakuthandiza kusenza matabwa. Koma kuti anthu otalikirana akumane pamodzi pamafunika seva, kompyuta imene imasunga dzikolo n'kumalandira olowa. Ikayaka, dziko lilipo. Ikazima, palibe kolowa. Seva ya gulu lawo inkakhala pansi pa tebulo m'kashopu muja.

Analipo asanu ndi mmodzi: Fatsani, Mwandida, Zondiwe amene ankagwira ntchito ku Joni, Yotamu woyendetsa lole ya mbatatesi, mphunzitsi wina wa ku Nsanje ndi namwino wina wa ku Mzuzu. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, 1 koloko, ankakumana m'menemo. Anamanga mudzi wawo m'mbali mwa mtsinje. Tsidya lina, pachitunda, Fatsani anamanga yekha nyumba ya zipinda zitatu ya khonde lalitali, imene ankati yeniyeni yake adzamanga kwawo. Mlatho wopita kumeneko anangouyamba, matabwa atatu, n'kunena kuti adzamaliza Lamulungu linalo.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Lachitatu Fatsani anadandaula mutu, Loweruka anali atapita. Munali mu Epulo.

Maliro ananyamula Yotamu pa lole yake. Kumbuyo kunakwera amayi a nyimbo, Mwandida, ndi amalume ake a Fatsani, a Nyozani, amene anakhala kumutu kwa bokosi. Mukudziwa inu mwambo wake. Munthu womwalirira kutali sadziwa njira ya kwawo, ndipo madzi sawoloka yekha. Pamtsinje uliwonse amafunika kuuzidwa. Ndiye lole ikayandikira mlatho, a Nyozani ankagogoda pabokosi kawiri n'kuwerama: "A Maseko, pano ndi pa Lunzu. Tikuwoloka." Anatero pa Lirangwe, anatero pa Shire ku Zalewa, anatero pa Rivirivi, osaphonya.

Atasiya msewu wa tala, a Nyozani anatsika kuti akwere njinga yamoto atsogole kukadziwitsa kumudzi. Asanatsike anamugwira Mwandida paphewa, namutchula ndi mfunda wake.

"A Nangozo, kwatsala kamtsinje kamodzi, ka Nankhwazi. Muwauze ndinu. Mwamva mmene ndimanenera?"

"Ndamva, amalume."

Anamvadi. Atayandikira pa Nankhwazi anaika dzanja pabokosi. Anatsegula pakamwa. Koma kutsidya ankaona kale denga la sukulu, ndi utsi, ndi anthu atasonkhana, ndipo mumtima munangobwera ganizo limodzi lopusa, la munthu wofedwa: ndikanena, ndiye kuti tafika, ndipo tikafika andilanda. Anayang'ana wotchi ya Fatsani imene anaivala padzanja. Inali 1 koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri. Matayala anagunda mlatho, gudu gudu, amayi akuyimba mokweza, ndipo Mwandida anangokhala duu. Palibe anaona. Iye mwini anadziuza kuti kamtsinje kake n'kakang'ono, mwana akhoza kukadumpha.

Atameta maliro, abale anagawana katundu. Kompyuta ya seva inapita kwa mng'ono wake wa Fatsani, amene anaifufuta kuti azioneramo mafilimu. Koma pamakiyi a nyumba panali kafulashi kobiriwira, ndipo makiyi a nyumba ya lendi palibe amawagawana. M'kafulashimo Fatsani ankasungamo dziko lawo lonse sabata iliyonse, kuopa tsoka.

Inapita miyezi isanu ndi umodzi. Mwandida ankatsegula shopu, kukonza mafoni, kutseka, kupita kukagona. Chakudya chinkakoma ngati udzu. Kenako Zondiwe anatumiza mawu pafoni kuchokera ku Joni.

"Alamu, ine ndisakubisireni, Lamulungu kuno likutalika. Tikungoyang'ana khoma ngati akaidi. Bwanji mudzutsenso seva ija? Mwina nanunso mtima ungapepukeko."

Mwandida anakana kawiri. Kachitatu anakatenga kope limene Fatsani ankalembamo za seva.

Kompyuta anaipanga ndi zidutswa za makompyuta akufa amene eni ake anawathawa m'shopumo. Kenako anatsegula kope lija. Fatsani analembamo zonse, mzere ndi mzere, m'zilembo zake zopendekera, ndipo pamwamba penipeni analemba kuti: "Choyamba, usapupulume. Chachiwiri, Mwandi, ndati usapupulume." Mwandida anaseka, n'kupeza kuti akulira, n'kutseka shopu tsiku limenelo isanakwane 10 koloko.

M'mawa mwake anayambiranso. Anaika pulogalamu ya seva. Anakopera dziko lija kuchoka m'kafulashi. Anatsegula khomo pa rauta, kabokosi kogawa intaneti kaja, kuti anthu akutali azitha kufika, ndipo nambala ya khomolo anaiona katatu monga kope linanenera. Anaika batire loti lizigwirizira magetsi akathima. Zonsezi zinayenda bwino, chifukwa mutu wa Mwandida unali wakuthwa kuposa mmene mwamuna wake ankavomerezera pagulu.

Panatsala zinthu ziwiri. Choyamba chinali mndandanda wa mayina ololedwa kulowa. Kope linati: "Dzina la munthu amene wasiya kusewera ulichotse, ena angalowere pomwepo n'kutiwotchera mudzi." Dzina la Fatsani linali pamwamba pa onse. Chala cha Mwandida chinakhala m'malere nthawi yaitali, kenako anafufuta chilembo chimodzichimodzi, kuyambira kumapeto. Chachiwiri chinali chiwerengero cha anthu amene seva ingalandire nthawi imodzi. Panali 6. Anafufuta n'kulemba 5.

Lamulungu linakwana. 1 koloko analowa Mwandida, kenako Yotamu, kenako aphunzitsi, kenako anamwino. Mawu awo ankamveka m'timahedifoni, aliyense akuyesetsa kuseka. Mudzi unali chimodzimodzi mmene anausiyira. Zondiwe, monga mwa nthawi zonse, anachedwa. Cha m'ma hafu pasiti anaimba foni.

"Alamu, mwanditsekera dala kapena? Ikuti seva yadzaza."

"Yadzaza bwanji? Tilimo anayi."

"Ndiye ineyo ndikunama? Yesani kuona."

Mwandida anayang'ana pakona ya sikirini. Panalembedwa kuti olowa ndi 5, malo ndi 5. Anawerenga mayina. Anayi. Anawerenganso ndi chala ngati mwana wa sitandade wanu. Anayi.

"Ndi netiweki imeneyo," anatero aphunzitsi, amene chilichonse padziko lapansi ankachinamizira netiweki. "Wina yamuwerengera kawiri."

Mwandida anazimitsa seva, anabwezera 6 paja, n'kuyatsanso. Onse asanu analowa. Pakona panalembedwa kuti olowa ndi 6. Sanauze munthu.

Seva iliyonse imasunga kaundula wake: wakuti walowa nthawi yakuti, wakuti watuluka. Atabalalika anzake, Mwandida anatsegula kaundulayo. Mayina onse analimo ndi nthawi zake. Koma pakati pa mzere wa anamwino ndi wa Zondiwe panali mzere wina. Pamalo pa dzina panalibe kanthu, mpata chabe, kenako mawu akuti walowa. Nthawi yake inali 1:20. Mzere wakuti watuluka panalibe.

Anaona za dzulo lake, tsiku limene ankayesa seva ali yekha. Unalipo. 1:20. Anayang'ana wotchi padzanja lake, nakumbukira pa Nankhwazi.

Lolemba anasintha mawu achinsinsi onse. Anatseka khomo la pa rauta lija kuti pasalowe aliyense wakunja. Pomaliza anazula ndi waya wa intaneti womwe, seva n'kutsala yokhayokha ngati nyumba ya pachilumba. Anakhala pampando, manja pamiyendo, kudikira. Itakwana 1:20 fani ya m'kompyuta inatsika mawu, ngati munthu amene wapuma mozama, ndipo mzere uja unatulukira. Walowa.

Nthawi yomweyo m'shopu munamveka fungo la mchenga wonyowa. Mu Okutobala, ku Chirimba, kumene ngakhale mpopi unali utauma masiku atatu.

Apa munthu wanzeru akanazimitsa chinthucho, kuchinyamula, kukachiponya kudzala. Koma inu amene simunafedwepo musafulumire kuweruza. Mwandida anakoka mpando, navala timahedifoni, nalowa m'gemu.

Mudzi unali zii. Anayenda mpaka kunkhokwe kumene gulu linkasunga matabwa, napeza chitseko chili pululu, matabwa ena palibe. Anatsata kanjira ka kumtsinje. Mlatho uja wa matabwa atatu unali ndi matabwa asanu. M'gemumo dzuwa limatuluka ndi kulowa mwachangu, tsiku lonse limatha munthu asanamalize kapu ya tiyi, koma pamenepo dzuwa linali litaima paliwombo, osasuntha. Anaimika kamunthu kake m'mbali mwa madzi. Sanaone aliyense. Kungoti udzu wa pafupi naye, kudzanja lamanzere, unali wogona, ngati pamene paima munthu.

"Fatsa?" ananong'ona.

Palibe anayankha. Koma udzu uja sunadzuke, ndipo iye anakhala pomwepo mpaka kasitomala wina anatopa n'kugogoda pazenera.

Kuyambira tsiku limenelo Mwandida anachira, kapena tinene kuti anaoneka ngati wachira. Anayambanso kudya. Analukitsa tsitsi. Amayi ogulitsa tomato ankakodolana kuti mwina kwapezeka wina. 1 koloko ikakwana ankatseka zenera, kupachika kachikwangwani kakuti wapita kukadya, n'kukaima pamtsinje paja. Ankamuuza zonse: za kasitomala amene anagwetsera foni m'chimbudzi n'kumanama kuti inagwera m'ndowa, za mtengo wa makala, za denga limene linayamba kudontha asanamwalire ndipo mpaka pano silinakonzedwe. Tsiku lililonse mlatho unkakula ndi thabwa limodzi.

Tsiku lina anaiwala kapu ya madzi pamwamba pa seva. Atavula timahedifoni anaipeza ili gwa, youma mpaka pansi. Mawa lake anaika dala, yodzaza. Inauma. Mtima wake unasangalala kwambiri. Ankati m'maganizo mwake, tikudyeranso limodzi.

Anzake aja, amene anawatseguliranso khomo, sanasangalale nawo. Lamulungu lachiwiri anamwino anafunsa kuti akumaliza mlatho wa malemu ndani, ndipo aliyense anakana. Lamulungu lachitatu aphunzitsi anangoti phwii kutuluka pakati pa masewera, n'kuimba foni.

"Mayi Maseko, m'mahedifonimu mukumveka amayi akuyimba. Chapansipansi, ngati ali pagalimoto yoti ikupita. Inu simukumva?"

"Ndi netiweki, aphunzitsi," anatero Mwandida.

Aphunzitsi sanaseke. Sabata yotsatira anati ali ndi zolemba zambiri zoti achonge, ndipo anamwino anati awasinthira nthawi ya ntchito. Mwandida sanadandaule. Malo anangochuluka.

Mlatho unafika poti kwatsala thabwa limodzi kuti ugunde tsidya. Pamenepo unaima. Tsiku linapita, masiku atatu, sabata. Thabwa lomaliza linali pansi m'mbali mwa madzi, pafupi ndi udzu wogona uja, koma silinkaikidwa. Mwandida anayesa kuliika yekha. Linkakhala, koma akangotembenuka ankalipeza labwerera pansi.

Lachiwiri lina, chakumasana, Yotamu anatulukira pashopu. Anali munthu wamkulu thupi, wa phokoso, woti akaseka agalu amathawa, koma tsiku limenelo analowa ngati wabwera kudzapepesa. Anakana mpando. Anakana fanta. Ankangotembenuza kapusi yake m'manja.

"Alamu, ine nkhani zinazi sindizikonda. Koma ndikapanda kunena ndidwala."

"Nenani, alamu."

"Mukudziwa ndimakatenga mbatatesi kwathu kuja kawiri pasabata. Miyezi yonseyi anthu a njinga akhala akunena kuti pa Nankhwazi pamaima munthu masana. Ine ndinkati ndi kachasu ameneyo. Ndiye Lachinayi lapitali ndinachedwa kunyamuka, ndinafika pamenepo dzuwa lili pamutu." Anasiya kutembenuza kapusi. "Analipo, alamu. Tsidya lino, m'mbali mwa mlatho. Alibe chikwama, alibe chipewa. Sakuimitsa galimoto ayi. Wangoima njo, kuyang'ana kumudzi."

"Nkhope munaiona?"

"Sindinafune kuiona. Ndinangoona suti. Suti ija tinakagula limodzi ku Limbe, ine ndi inu, Lolemba lija, yoti timuveke m'bokosi." Anadzigwira paphewa. "Yachita kuyera ndi dzuwa, alamu. Yasuluka m'mapewa monse ngati nsalu yoiwalika pachingwe. Ndi milomo. Milomo yokha ndinaiona pagalasi nditadutsa. Yang'ambikang'ambika."

Mwandida anayang'ana kapu imene inali pamwamba pa seva. Anali ataidzaza mphindi zochepa zapitazo. Inali youma.

Apa m'pamene chinamulasa. Masiku onsewa ankati mwamuna wake akumwa naye madzi chifukwa cha chikondi. Ayi. Munthuyo anali ndi ludzu. Miyezi isanu ndi iwiri ali chiimire padzuwa, kwawo akukuona, utsi wa kwa amayi ake akuuona, koma osatha kuwoloka kamtsinje koti mwana akhoza kudumpha. Ndipo pamene anapeza pobisala pamthunzi, m'kadziko kamene anamanga yekha, anapezanso mtsinje, namanga mlatho mpaka thabwa lomaliza, n'kuima, kudikira mawu amene mkazi wake anamumana.

"Alamu," anatero Yotamu motsitsa, "ine ndinali kutsogolo, sindinamve. Tsiku lija pa Nankhwazi anawauza ndani?"

Mwandida anaweramitsa mutu. Yotamu anamuyang'ana, nagwedeza mutu pang'onopang'ono, osati mokwiya.

"Mvula ili pafupi," anatero. "Kamtsinje kaja kakadzaza kamakwera mpaka pamene amaimapo paja. Ine ndikupita Lachinayi. Kutsogolo kuli malo."

Atatuluka, Mwandida anakhala pansi penipeni, pasimenti, nakumbatira kompyuta ija ngati mwana. Inali yofunda. Ndikuuzeni zoona, sanaganize zopita msangamsanga. Lachitatu lonse anakangana ndi mtima wake. Ankati, nanga ndikamamuikira madzi ambiri? Ndowa yathunthu? Nanga ndikasiya seva yoyaka usana ndi usiku, osaizimitsa mpaka kalekale? Amuna ena amapita ku Joni zaka khumi akazi awo n'kumangomva mawu pafoni, nanga ine ndalakwa chiyani kukhala ndi wanga mphindi zochepa patsiku? Masana analowa m'gemu, nakaima pamalo pake.

"Fatsa, ukufuna kupita?"

Udzu sunasunthe. Koma thabwa lija, limene linkagona chopingasa masiku onsewa, linali litatembenuzidwa, nsonga yake kuloza kutsidya.

Lachinayi anakwera lole. Seva anaisiya yoyaka, ndipo foni yake anaikonza kuti izimuonetsa chiwerengero cha olowa. Ananyamula botolo la madzi, basi. Pa Lunzu, pa Lirangwe, pa Zalewa, Mwandida ankangotseka maso. Kumadzulo mitambo inali itayamba kuunjikana, yakuda bii.

Yotamu anaimitsa lole patali pang'ono ndi mlatho, nazimitsa injini.

"Ine nditsala muno, alamu. Mundikhululukire." Anatsitsira kapusi kumaso.

Mwandida anatsika. Kunali chete wa masana, wopanda mbalame, wopanda mbuzi. Kamtsinje kanali kouma, mchenga wokhawokha, koma fungo lija la mchenga wonyowa linamulandira ngati kuti walowa m'shopu mwake. Anaima m'mbali mwa mlatho, tsidya lino. Wotchi inati 1:19. Foni inati olowa palibe.

Kenako foni inati 1.

Sanatembenuke. Amalume sanamuuze kuti asatembenuke, koma anadziwa yekha kuti akaona milomo ija sadzathanso kuyankhula. Anangoyang'ana pansi. Dzuwa linali pamutu, chithunzithunzi chake chinali chachifupi, chozungulira mapazi. Kumanzere kwake kunali china.

Anatsegula botolo, natambasula dzanja kumanzere, napendeketsa. Madzi anatuluka onse. Sanawamve akugwa pansi.

"Pepa," anatero. "Pepa, Fatsa. Amalume anandiuza, ine ndinamva. Sindinaiwale ayi, ndisakunamize. Ndinkafuna utsale. Ndinkati tikangowoloka akutenga, ndipo ine ndibwerera ndekha pa lole yopanda kanthu." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Seva ndinaikonza ndekha, wamva? Sindinapupulume. Khomo ndinatsegula bwinobwino. Dzina lako ndinachotsa chifukwa unalemba wekha, usandikwiyire. Denga lija ndidzaitana munthu."

Mphepo yozizira inadutsa, yonunkhira mvula. Anadziwa kuti akungochulutsa nkhani kuti nthawi ipite, monga ankachitira pageti masiku a chibwenzi. Anaima bwino, nakonza chitenje. Panalibe bokosi loti agogode, ndiye anagogoda kawiri pachitsulo cha mlatho.

"A Maseko," anatero. "Pano ndi pa Nankhwazi. Tikuwoloka."

Anayamba kuyenda. Mlathowo ndi waufupi, mapazi khumi ndi awiri basi, koma anauyenda ngati mkwatibwi. Paphazi lachitatu anamva kumbuyo kwake. Phazi limodzi kuponda, linalo kukhwekhwereza. Kuponda, kukhwekhwereza. Anadziluma mlomo mpaka kulawa magazi.

Atafika tsidya anaima. Mumtima ankapempha kanthu kamodzi kokha: aime pang'ono, ngakhale kamphindi, andikhudze paphewa. Mapazi aja anafika pambali pake. Anamudutsa. Anapitirira ndi kanjira kokwera kumudzi, mofulumira, ngati munthu amene wachedwa kwambiri kwawo, mpaka anasiya kumveka.

Sanaime.

Foni inati 0. Dontho loyamba la mvula linagwera pagalasi pake, kenako lachiwiri, kenako kumwamba kunang'ambika. Yotamu anamupeza atakhala m'matope, anamunyamula ngati thumba n'kukamuika m'lole. Kumudzi sanakafike tsiku limenelo. Koma anthu a kumeneko amati madzulo ake amayi ake a Fatsani, amene chimwalirire mwana wawo ankagona chitseko chili chotsegula osadziwa chifukwa chake, anadzuka okha n'kukachitseka.

Lachisanu Mwandida anatsegula shopu. Anaika kapu ya madzi pamwamba pa seva. 1:20 inakwana, fani inangolira mmene imalirira fani. M'shopu munkanunkha fumbi ndi waya wopsa. Analowa m'gemu. Dzuwa linali likuyenda. Mlatho unali wathunthu, thabwa lomaliza lili m'malo mwake, ndipo kutsidya, pachitunda, chitseko cha nyumba ya khonde lalitali chinali chotseka. Udzu wa m'mbali mwa madzi unali utadzuka. Kapu inakhala yodzaza mpaka madzulo, ndipo munagwera ntchentche.

Loweruka chimodzimodzi.

Lamulungu m'mawa anaimbira onse, mmodzimmodzi, kuwauza kuti vuto lija latha, abwere. Kenako anatsegula pamene pamalembedwa chiwerengero cha malo. Panali 6. Anafufuta, nalemba 5. Musaganize kuti anachita zimenezi chifukwa anali atavomereza. Anali ndi kachiyembekezo kake kobisika, kochititsa manyazi, kamene sakanauza ngakhale abusa. Zondiwe amachedwa nthawi zonse. Ngati pofika hafu pasiti aimbe foni kudandaula kuti yadzaza, ndiye kuti mwina, mwina.

1 koloko analowa iye. Analowa Yotamu. Analowa anamwino. Analowa aphunzitsi, mwamantha, akufunsa ngati nyimbo zija zinatha. Olowa 4, malo 5. Mwandida sankasewera. Kamunthu kake kanangoima pakati pa mudzi, iye maso ali pawotchi. 1:15. 1:20. 1:25. Foni anaiika patebulo, pafupi ndi dzanja, kuti ikangolira aiyankhe.

Siinalire. M'malo mwake m'timahedifoni munaphulika mawu a Zondiwe, osangalala, aphokoso, ochokera kutali ku Joni.

"Ndalowa! Kamodzi n'kamodzi, osavuta! Alamu, ndinu dolo, mwaikonza seva!"

Mwandida anawerenga mayina. Asanu. Anayang'ana pakona. Asanu.

"Eya," anatero. "Ndaikonza."

Anavula timahedifoni, nayala bwinobwino patebulo kuti anzake asamve, ndipo m'kashopu muja, masana dzuwa likuswa mtengo, Mwandida anayamba kulira maliro a mwamuna wake.